Asewere M'khitchini Mwanga

Nditatuluka m'chipatala ndi khanda, chilonda cha opaleshoni chisanapole, ndinapeza alendo awiri akundidikira pakhomo: amayi anga ndi apongozi. Aliyense anabwera kudzandiphikira, ndipo palibe anauza mnzake kuti akubwera.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, pamwamba pa shopu ya telala. Khitchini yake, ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Sitovu ndi yotereka mapoto awiri, koma mbali imodzi inapsa kalekale, chonsecho mwamuna wanga ndi wokonza magetsi. Amakonza za anthu tauni yonse, koma ya kunyumba amangoti, "Ndiiona Loweruka."

Amayi anga ndi a kumapiri kozizira. Kwathuko, mayi woyamwitsa amadya zopanda mafuta: nkhuku yongowiritsa, msuzi wambiri, mchere pang'ono. Apongozi ndi a kuchigwa kotentha, kumene amati woyamwitsa adye zokazinga bwino, za anyezi ndi tsabola, atuluke thukuta kuti magazi ayende. Zonsezi ndinazidziwa ndili chigonere pabedi, chifukwa aliyense amabwera kudzandinong'oneza mnzake akatuluka.

"Usadye za tsabola mwanawe, mkaka uwotcha mwana m'mimba," anatero amayi.

"Mayi a mwana, zamadzimadzizo n'za munthu wodwala malungo," anatero apongozi. "Inu simukudwala, mwabereka."

Pamaso sanakanganepo ngakhale kamodzi. Bola akanakangana, ndikanadziwa polowerera.

"Asewere, pumulani, mwayenda ulendo wautali."

"Ayi asewere, mupume ndinu. Miyendo yanu ija ndaiona yatupa."

Akulankhula choncho, onse atagwira chogwirira cha poto mmodzi.

Nkhuku yoyamba anatereka ndi amayi. Atapita kukayanika matewera, apongozi analowa, nathira mafuta, anyezi ndi tsabola wodzaza dzanja. Amayi pobwera ananunkhiza, n'kuthiramo madzi kapu ziwiri kuti ukali uthe. Apongozi analawa, anapeza mchere wasukuluka, anawonjezera. Amayi anawonjezeranso madzi. Mbale itandifika dzuwa litapendeka, nyama inali itasungunuka, mafupa akuyandama m'dziwe lofiira, mafuta ali pamwamba. Ndinalawa kamodzi, lilime linachita dzanzi.

"Waona? Tsabola uja," anatero amayi potenga mbale.

"Mwaona? Madzi aja," anatero apongozi pakhomo.

Nyemba ndiye zinavutika kuposa nkhuku. Amayi amati nyemba sizithiridwa mchere zisanapse, zimalimba. Apongozi amati mchere ukachedwa umangokhala pakhungu, sulowa m'kati. Mapeto ake aliyense ananyika nyemba zake, m'poto wake. Koma moto unali umodzi. Wina akapita kubafa, mnzake amaphula poto wa mnzake n'kutereka wake. Tsiku lonse mapoto anangokwera ndi kutsika, ndipo madzulo panali mapoto awiri a nyemba zosapsa, zolira m'mano ngati timiyala.

Ine ndinadya buledi ndi tiyi. Mawa lake chimodzimodzi.

Ndinauza mwamuna wanga akuvula nsapato.

"Bambo a mwana, ndikufa ndi njala m'nyumba muli ophika awiri."

"Aa, iwe, si akukukonda? Ena akusowa owathandiza."

"Lankhula ndi amayi ako."

"Iwenso ulankhule ndi ako."

"Nanga iwe ukudya kuti?"

Anayang'ana kudenga. Malaya ake amanunkhira nyama yowotcha ya pamsewu. Amayi awiriwo akamufunsa kuti chakoma n'chiti, iye amangoti, "Zonse zili bwino," kenako n'kukumbukira kuti pali kasitomala wina amene mafiriji ake azima.

Ndinayesa kuwagawira masiku: lero aphike amayi, mawa apongozi. Onse anavomera mwaulemu. Koma tsiku la amayi, apongozi amakhala pampando pakhomo la khitchini n'kumausa moyo nthawi iliyonse amayi akatenga jagi ya madzi. Tsiku la apongozi, amayi amatsegula mawindo onse, kutsokomola, n'kunyamula mwana kupita naye pakhonde kuti "utsi ungamulowe m'maso." Ndikamaliza mbale ya wina, mnzake amakhala chete mpaka madzulo ngati ndamutukwana. Ndikasiyako, wophikayo amafunsa ngati wina wandiuza zoipa za chakudya chake. Ndinayamba kudya theka la chilichonse kuti pasakhale wodandaula, ndipo onse anadandaula, choncho ndinangobwerera ku buledi.

Tsiku la sikelo anandiperekeza onse awiri, wina atanyamula mwana, wina chikwama. Anamwino anamuika mwana pasikelo, anayang'ana nambala, anandiyang'ana ine.

"Mwanayu sanakwere mokwanira. Mkaka ukutuluka?"

"Pang'ono."

"Inuyo mukudya?"

Ndisanatsegule pakamwa, amayi anayankha. "Akanadya, koma zakudya zina zimaumitsa mkaka."

"Zoonadi," anatero apongozi. "Munthu sangatulutse mkaka ndi madzi otentha okha."

Anamwino anavula magalasi. "Ndafunsa mwini mabere. Mayi, dzulo mwadya chiyani?"

"Buledi," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwana wa sukulu, ndipo misozi inangoyamba yokha, pamaso pa azimayi onse a pabenchi.

"Kadyeni chakudya," anatero anamwino. "Chowiritsa, chokazinga, zilibe kanthu. Chilowe m'mimba basi."

M'basi pobwerera aliyense anali ndi mfundo yake. Amayi anamva kuti anamwino atchula chowiritsa poyamba. Apongozi anamva kuti chokazinga sanachiletse.

Titafika ndinamugoneka mwana, ndinatsika masitepe pang'onopang'ono nditagwira pamimba, ndinakagula mazira anayi pagolosale ya pakona. Atelala anandiona ndikukwera, anaimitsa makina.

"Mayi a mwana, mwayamba kale kuyenda? Alendo aja apita?"

"Alipo."

"Onse awiri?" Anapukusa mutu. "Pepani."

Ndinalowa m'khitchini, ndinaphula poto amene anali pamoto, osayang'ana kuti ndi wa ndani, n'kutereka chiwaya. Dzira loyamba litangosweka, onse anatulukira pakhomo.

"Mazira!" anakuwa amayi. "Woyamwitsa sadya mazira, mwana amachedwa kulankhula!"

"Kwathunso n'chimodzimodzi!" anatero apongozi. "Asewere, muletseni mwanayu!"

Anayang'anana modabwa. Chibwerereni, aka kanali koyamba kugwirizana.

Ndinatseka chitseko, ndinakhoma. Ndinakazinga mazira onse anayi ndi tomato, ndinadya nditaimirira, m'chiwaya momwemo, ndikupukuta mafuta ndi buledi. Kunja amagogoda.

"Mwanawe, tsegula!"

"Mayi a mwana, ganizirani khandalo!"

"Ndikuliganizira!" ndinakuwa, m'kamwa muli modzaza. "Achedwe kulankhula, m'nyumba muno olankhula achuluka kale!"

Ndinamva mapazi awo akubwerera pabalaza.

Madzulo amenewo sanandilankhule. Ndinawamva pabalaza akukambirana motsitsa mawu za ana a masiku ano, amene akangoona tauni amaiwala kumene anachokera. Amayi anafotokoza za mtsikana wina wa kwathu amene anadya mazira, mwana wake n'kuyamba kulankhula ali ndi mano onse. Apongozi anali ndi nkhani yofanana nayo, ya kwawo. Anapangirana tiyi. Ndinamva amayi akuti, "Asewere, tsabola wanu uja mundigawireko, ndikayese kubzala," apongozi n'kuyankha kuti kumapiri sangabereke bwino, koma atenge.

Sabata isanathe analongedza. Anati poti ndayamba kudziphikira, ndiye kuti ndachira, ndipo iwo ali ndi minda yowadikira. Ndinawapempha kuti mmodzi atsale, andithandize kuchapa ndi kunyamula madzi a bafa la mwana, chifukwa chilonda chinali chikukokabe ndikawerama. Amayi anati sangatsale apongozi n'kupita, zingaoneke ngati awathamangitsa. Apongozi anatinso chimodzimodzi. Mwamuna wanga anawanyamulira zikwama mpaka kudepoti, iwo ali pambuyo pake akuseka, atafunda ambulera imodzi.

Ndinatsala ndi beseni lodzaza matewera, mapoto akuda ali mbwee pansi, mwana akulira. Ndinakhala pampando, ndinamuika kubere, ndipo ndi dzanja linalo ndinayamba kusenda mbatata.