Mwendo wa Mbalame Yachilendo

A Namalomba, amene ankaperekeza alendo odzaona mbalame ku dambo la Chilwa, analota dzuwa lili paliwombo, atatsamira bwato lawo.

Analota atajambula mbalame ndi foni. Inali ya zija zimachokera kumaiko ozizira mvula ikamayandikira, koma mtundu wake anali asanauonepo. Pachithunzipo panaoneka phiko lotuwa ndi mwendo umodzi. Mutu unabisika m'mabango.

Anapita nayo foniyo kunyumba. Atatsegula chitseko anapeza dambo lalowa m'chipinda, madzi olekeza m'mawondo, mabango atamera pomwe pankakhala bedi. Pampando panali Nelesi, mkazi wawo, amene anamuika m'manda chaka chimene nyanja inaphwa. Ankasenda chinangwa, makoko akuyandama.

"Bambo a Felesiya, mwafika," anatero Nelesi. "Akufuna dzina la mbalameyo."

"Akufuna ndani?"

"A kumene ili. Akuti sangaitulutse popanda dzina."

A Namalomba anayang'ananso pafoni. Chithunzi chinali chitachepa. Phiko linali litachoka, kunatsala mwendo wokha.

"Mbalame satchulira mwendo," anatero. "Pamafunika mlomo, diso, kaliridwe. Ndikatchula molakwa ndinamiza anthu."

"Kulira kwake munakumva kale. Tiyeni."

Kukhoma la kumbuyo kunali khomo limene iwo sanaboole. Analowa m'chipinda chachitali choyera, chozizira, chonunkha mankhwala a kuchipatala. M'mbali monse munaima mbalame, akakowa ndi atsekwe, zili chete, iliyonse itamangidwa kansalu kumwendo. Kumapeto kunali bambo wa jasi loyera. Chilankhulo chake a Namalomba sankachidziwa, koma mawu onse ankawamva.

Patebulo panagona chinthu chofunditsidwa nsalu, chachitali ngati munthu. Nthenga zinkayoyoka kunsi kwa nsaluyo. Kumapeto kwake kunatuluka phazi. Linali phazi la munthu, ndipo pakakolo panali chipsera cha moto.

Chipsera chotero anali nacho Felesiya, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anaponda khala akuphunzira kuyenda. Felesiya anapita kutsidya la nyanja yamchere kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo chiyambire mvula yatha foni yake sinkapezeka.

"Ndi yanu?" anafunsa wa jasi uja.

"Ndione mutu."

"Mutu sitionetsa. Chithunzi chinathera pomwepo."

"Zipsera zimafanana, bwana. Ana ambiri amaponda moto."

"N'zoona."

"Ndikakana?"

"Ikhala konkuno. Zosatchulidwa sizibwerera kwawo."

"Ndikavomera?"

"Ibwera. Koma siuluka yokha, tiinyamula m'bokosi."

A Namalomba anacheuka. Nelesi anali ataima pakhomo paja, pomwe madzi a m'dambo analekezera, mpeni udakali m'manja.

"Mayi a Felesiya, tandithandizani kuyang'ana."

"Ife akufa sititchula," anayankha. "Ine ndinayala kale mphasa. Mwanayo akuzizidwa kwa eni. Tchulani."

A Namalomba anagwira phazilo. Linali lozizira, lopepuka ngati la mbalame. Anasisita chipseracho ndi chala chachikulu monga ankachitira pomudzoza mafuta ali mwana. Anafuna kunena kuti sakudziwa. Pakamwa panatuluka zina.

"Felesiya Namalomba, wa ku Kachulu."

Mbalame zonse zija zinauluka nthawi imodzi, popanda phokoso, ndipo denga linazitsegukira.

Anadzidzimuka mthunzi wa bwato utasuntha, khosi litauma. Sanakhudze foni. Anayenda molunjika kwa mlongo wawo, mayi Nasiyaya, amene anawapeza akuyanika matemba.

"Achemwali, sesani pabwalo. Mutume anthu akabwereke mabenchi kutchalitchi."

"Kwagwanji, achimwene? Kwabwera uthenga?"

"Sunabwere."

"Nanga mwaona chiyani?"

"Phazi lokha."

Mayi Nasiyaya anawayang'ana kumaso. Kenaka anapukuta manja pachitenje, nalowa m'nyumba kukatenga tsache.