Luzi la Bambo Aang'ono

Dzuwa litapendeka, banja lonse linali pansi pa mtengo wa mango likuonerera a Ambrósio akulimbana ndi tayala. Panali patatha sabata chiikireni mkulu wawo, a Silvano, ndipo mota, njinga yamoto imene malemuwo anabwera nayo kuchokera kothawa nkhondo ku Zambia, inali itakhala pa njerwa, tayala lakumbuyo litaphulika.

Tsiku lometa, a Ambrósio anali atanena kuti motayo ndi yawo, poti mwana wa malemu, Serafina, ndi wamkazi. Amayi Berta, amasiyewo, sanakangane nawo.

"Alamu, amene aiyendetse ndiye mwini wake," anatero basi.

Ndiye a Ambrósio anayeza tayala lakalelo, nayenda wapansi masiku awiri kukagula lina ku Fingoe. Tsopano linali kukana kulowa pa limu. Analipaka sopo. Analithira madzi otentha. Analikanikiza ndi munsi mpaka munsiwo unaterereka n'kubalalitsa nkhuku.

"Bambo aang'ono," anatero Serafina mwaulemu, "kodi munayeza ndi chiyani?"

"Ndi luzi, mwanawe. Luzi silinama."

"Laliwisi?"

"Nanga louma limapindika?"

"Paja likauma limafupika."

A Ambrósio anatulutsa luzilo m'thumba n'kuliyang'ana ngati mnzawo amene wawapereka.

Serafina anapukuta fumbi m'mbali mwa tayala lakale. "Onani apa, 3.00-18. Yoyambayi ikunena kunenepa kwa tayala, yachiwiriyi kukula kwa limu. Lanuli ndi 17."

"Imodzi yokha! Tayala likanire imodzi? Ife ku Zambia tinkagona asanu ndi atatu pa mphasa ya anthu awiri!"

Amayi Berta, amene sanasekepo chiyambire maliro, anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Serafina," anatero atapuma, "kafukule m'nkhokwe, pansi pa chimanga."

Anabwerako ndi tayala latsopano lokulungidwa m'thumba la feteleza.

"Achimwene ankalibisiranji?" anafunsa a Ambrósio.

"Ankati mungabwereke, alamu."

Serafina anawerenga nambala, nafufuza kamuvi kosonyeza kumene tayala liyenera kuzungulirira, monga bambo ake ankamuphunzitsira kuseri kwa khola. Dzuwa lisanalowe, mota inali itatsika pa njerwa.

M'mawa mwake, mayi Lina oyandikana nawo nyumba anafika atabereka mwana wotentha thupi. Anaima pamene ankaima nthawi zonse akafuna kuti a Silvano awaperekeze kuchipatala pa mota, kenaka anakumbukira kuti a Silvano kulibenso, natembenuka kuti azibwerera.

"Dikirani, mayi," anatero Serafina.

Analowa m'nyumba n'kutulutsa bulangeti lakale la kumsasa wa othawa nkhondo, limene bambo ake ankasungira odwala okha. Analipinda kanayi, nalimangirira pa mpando wakumbuyo.

A Ambrósio anatsokomola pang'ono. Kenaka anavula jekete n'kuyamba kukankha motayo kuti Serafina ailize.