Chitseko cha jenereta

Nyumba yotsekera phokoso la jenereta ya pafakitale ina, mayi wina amene anali injiniya anaimanga ndi mtima wake wonse. Makoma anali a malata awiriawiri, pakati pake thonje lokhuthala, pansi mphira kuti makina asagwedeze simenti, ndipo mpweya unkalowera m'njira yokhotakhota kuti phokoso lizisochera lisanatuluke. Papepala zonse zinali bwino. Koma mayiyu akaima pampanda wa fakitale ndi kamita kake koyezera phokoso, manambala ankakwera ngati palibe chimene anachita. Kuseri kwa mpandawo kunali kiliniki, ndipo oyendera mafakitale anali atanena kale kuti phokoso likapanda kutsika pofika Lachisanu, jeneretayo aitseka. Ndani akanamupatsanso ntchito?

Lachitatu anafika osauza munthu, n'kupeza chitseko cha nyumbayo chili chotsegula, atachiimika ndi njerwa. Pambali pake, pandowa yovundikira, panakhala bambo amene anzawo ankawatcha a Sipanala, omwe anasamalira jeneretayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Injiniya anapsa mtima. Miyezi iwiri ya masamu inali itagonja kwa njerwa imodzi, yobenthuka kumene.

"Bambo, chitsekochi chikakhala chonchi, ntchito yanga yonse yalowa m'madzi."

"Pepani, mayi," anatero a Sipanala akuimirira. "Koma mwamutseka pakamwa mnzangayu. Akayamba kudwala sandilembera kalata, amandiuza ndi mawu. Bering'i, kachitsulo kothandiza injini kuzungulira, ikatopa amalira mwina, oilo akachepa amaliranso mwina. Ndikatseka apa, ndidzadziwa utsi utatuluka kale."

 Mayi uja anali atayeza makina, makoma, ngakhale kumene mphepo imachokera, koma munthu wokhala ndi makinawo tsiku ndi tsiku sanamufunse kanthu. Safunsa anadya phula. Manyazi anamugwira.

"Mumamvera pati?" anafunsa injiniya.

A Sipanala anasolola sikuludiraiva yaitali m'thumba la ovolosi, nsonga n'kugunditsa pachitsulo cha injini, chogwirira n'kuchikanikiza pafupa la kuseri kwa khutu. Anatero malo atatu, maso ali chitsinzinire.

M'mawa mwake injiniya anaboola khoma lake lokongola lija malo atatu, ngakhale mtima unkamupweteka. Pabowo lililonse analowetsa ndodo yachitsulo yokutidwa ndi mphira, nsonga yake ikukhudza pamene bambo aja analoza, kunja n'kuikako kamutu kathabwa. Kenaka anapatuka.

A Sipanala anatseka chitseko okha. Anagunditsa khutu pandodo yoyamba, kenaka yachiwiri. Payachitatu anakhalitsa.

"Bering'i yakumanzereyi ifuna girizi sabata yamawa," anatero. "Koma mayi, apa ndikumumva bwino kuposa kale. Zina ndinkamva chitseko chili chotsegula zija zinali zongosokosa."

Lachisanu woyendera anaima pampanda, n'kuyeza kawiri, kachitatu n'kugogoda kamita kake poganiza kuti kafa. Anasaina pepala lovomereza jeneretayo. Injiniya anaiwala ulemu wa chipewa chake choyera chauinjiniya, anathamanga ngati mwana kudutsa bwalo lonse, pepala lili m'mwamba.

"Bambo! Tapambana! Sakutseka!"

A Sipanala anapukuta manja pansanza, akumwetulira.

"Tathokoza, mayi. Koma musakuwe, ndikukumvani. Kuno tayamba kulankhula ngati anthu."