Kalata Inali ya Wapakona

Kalata ija sinali yanga, ndivomere poyamba pomwe. Inachokera ku likulu limene limaphunzitsa antchito a m'maofesi a ziwerengero a mayiko asanu ndi atatu a chigawo chathu, ndipo inaitana munthu mmodzi: mayi amene anakonza zotsatira za kafukufuku wathu wa mabanja. Ku ofesi timamutcha Wapakona, poti desiki yake ili pakona, pafupi ndi makina a fotokope amene amatentha ngati mbaula. Wopita ku maphunziro a sabata imodziwo ndiye akanaloledwa kupitiriza chaka chotsatira, n'kukhala mphunzitsi wa chigawo chonse.

Koma kalata zonse zimayamba zafika kwa ine, mkulu wa nthambi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili pantchito, ndege ndimangoionera m'mwamba. Ndiye munthu wabwera dzanadzanali akwere, ine ndili pansi? Aaa, ayi ndithu. Ndinayankha kuti mwana wake wagonekedwa m'chipatala, choncho ndibwera ndine. Mwiniwakeyo ndinangomuuza kuti chaka chino aitana akuluakulu okhaokha.

"Chabwino bwana, muyende bwino," anatero, n'kundiikiranso mafayilo onse mu laputopu.

Masiku awiri oyamba zinayenda. Ndinkakhala kumbuyo, kugwedeza mutu ena akagwedeza, tiyi osaphonya. Lachitatu mphunzitsi wathu, mayi waimvi woyendera ndodo, anaonetsa zotsatira za ofesi yathu pakhoma.

"Tonse timavutika ndi mabanja amene owerengera sawapeza pakhomo," anatero. "Ena mumangowasiya, ena mumalota manambala. Koma anzathu awa anapeza njira yabwino. Bambo, tabwerani mutionetse."

Mayo ine! Ndinapita kutsogolo. Ndinatsegula fayilo yolakwika, kenako ina yolakwikanso, kenako pakhoma panatuluka chithunzi cha akazi anga akuvina pa ukwati wa mphwawo. Anthu anaseka pang'ono, mwaulemu. Bambo wina wa dziko loyandikana nafe, cholembera chili m'manja, anafunsa mmene tinasankhira mabanja oimira amene sanapezeke aja. Munthuyo ankafuna kuphunzira zenizeni, ndipo n'chimene chinandipweteka.

"Zimatengera," ndinatero.

"Zimatengera chiyani, akulu?"



"Palibe vuto," anatero mphunzitsi uja. "Muimbireni mnzanu tinamuitana uja, timumve tonse."

Ndinaimba, n'kuika foni pafupi ndi maikolofoni. Wapakona anafotokoza kwa mphindi khumi ndi zisanu, pang'onopang'ono, makina a fotokope akulira kumbuyo kwake. Anthu a mayiko asanu ndi awiri anawerama n'kumalemba. Kawiri konse ananena kuti, "monga bwana anandilangizira." Ine sindinamulangizepo kanthu, kupatula kuti azizimitsa magetsi poweruka.

Atamaliza anamuwombera m'manja. Kenako mphunzitsi anayandikira foni ija.

"Mwanangu, tinakufunatu kuno. Pepa ndi matenda. Mwana ali bwanji kuchipatalako?"

Wapakona alibe mwana. Chaka chatha anapita padera, pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo tchuthi chake ndinasaina ndine ndemwe. Polemba bodza lija sindinakumbukire n'komwe. Ndinangotola chifukwa chimene anthu safunsa kawiri.

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Akupezako bwino, amayi," anatero Wapakona. "Zikomo pofunsa."

Nthawi yopuma ndinatsatira mphunzitsi kukhonde n'kumuululira zonse. Ndinapempha kuti afufute dzina langa alembe la Wapakona. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osakweza mawu.

"Amene amapitiriza ndi amene wakhala m'kalasi muno," anatero. "Lamulo limeneli munagwirizana ndinu eni mayiko, sindingalisinthe ine. Chaka chamawa mudzabwere inuyo mudzaphunzitse, apo ayi dziko lanu lilibe munthu."

Setifiketi anandipatsa Lachisanu. Sindinaitulutse m'chikwama, ngakhale akazi anga anaumirira kuti aione.

Lolemba ndinalawirira ku ofesi kuti ndimupeze ali yekha. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, koma nditaima pa desiki yake mawu onsewo anandithawa. Anaimirira monga mwa masiku onse, manja kumbuyo.

"Mwabwerako, bwana?"

"Asisi, ine..."

"Ndimati ndikufunseni," anatero, osandiyang'ana. "Anthu aja akunditumizira mauthenga, akuti akumupempherera. Mwana munandilembera uja ndi wamwamuna kapena wamkazi? Ndikufuna ndiziyankha zofanana ndi zanu."