Tepi Yakuda pa Waya wa Mlongoti

Bambo awo atamwalira, anasiyira ana awo awiri aamuna bwato loyera loyendera thanga, lokhala ndi kachipinda kokhalamo banja lonse. Anthu ankati anawo ndi amwayi, koma bwato lomwelo ndi limene linawadanitsa.

Mkuluyo anthu ankamutchula kuti Kaputeni chifukwa cha chipewa chimene sankachivula. Mng'ono wake anali telala. Atakangana mpaka mawu kusasa, anapangana kuti azisinthana: Loweruka ili la mkulu, linalo la wamng'ono, ndipo chimene chawonongekera m'manja mwako uzikonza wekha. Kuyambira pamenepo palibe anamanganso ngakhale kasikuluwu kolendewera. Aliyense ankangopempherera kuti kakagwe pa tsiku la mnzake.

Loweruka lina Kaputeni anafika kudoko ndi mwana wake wamkazi wa kupulayimale. Atamasula thumba la thanga, fungo linamulonjera. Thangalo linali lonyowa, lili madontho akuda okhaokha. Anaimbira mng'ono wake foni pomwepo.

"Iwe, thangali unalipinda lonyowa. Likununkha ngati galu wovumbwa."

"Liyanikeni, achimwene," anatero telala uja. "Dzuwa salipira."

"Bambo akanaona uve wakowu akanalira."

"Bambo asiyeni agone. M'mene ankadwala, inu munkaoneka ngati mwezi, kamodzi basi."

Kaputeni anadula foni. Tsikulo anayenda pamadzi nkhope ili gwaa. Mwana wake ankamulozera mbalame, iye osacheuka n'komwe.

Pobwerera, akumanga bwato, anatsamira waya wachitsulo wochokera pamwamba pa mlongoti kukafika m'mbali mwa bwato. Kanthu kanamubaya chala, magazi n'kutuluka. Pafupi pomwepo pankadutsa mayi wina wophunzitsa anthu kuyendetsa mabwato. Mayiyo anatenga kansanza n'kukapititsa pa waya uja pang'onopang'ono. Kansanzako kanakodwa cha m'munsi.

"Mwaona, bambo? Wayayu ndi timawaya tambiri topotana, ndipo tina taduka kale. Iyeyu ndi amene wagwira mlongoti. Mphepo ikakankha thanga mwamphamvu, totsalato sitingalimbe. Bwatoli lisatulukenso mpaka mutaika wina, ndipo ang'ono anu muwauze lero lomwe."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero Kaputeni.

Mayiyo atangochoka, mnzake wa Kaputeni wa bwato loyandikana, wotchedwa Ndevu, anasendera akuseka.

"Ndiye ukonze iweyo? Wayayu wamutha wekha? Kulunga tepi apa, m'bale wanga. Loweruka likubwerali ndi la telala. Akadukire m'manja mwake, asoke ndi singano yake ija."

Kaputeni anakumbukira mawu aja omuyerekeza ndi mwezi, mtima n'kuwira. Anadziuza kuti waya sapha munthu, telalayo angochita manyazi pokokedwa ndi bwato lina anthu akuona. Anatenga tepi yakuda n'kukulunga pamalo paja bwinobwino, mpaka panaoneka posalala.

"Adadi, mukutani?" anafunsa mwana uja.

"Ndikukonza. Tenga chikwama tizipita."

Loweruka lotsatira Kaputeni anali pakhomo, akupukuta galimoto. Chakumasana mphepo inayamba kugwetsa zovala pachingwe. Anamwetulira yekha. Kenako anaona kuti panyumba pali zii.

"Mayi a mwana, kodi uyu ali kuti?"

"Wapita kubwato ndi bambo ake aang'ono. Anadzamutenga m'mawa inu muli kusitolo. Ana akufuna kusewera ndi abale awo, ndewu zanuzo sizikuwakhudza."

Chopukutira chinamugwa m'manja. Anaimbira mng'ono wake kangapo, foni imangolira. Mmene anayendetsera galimoto kupita kudoko, iye mwini sanakumbukire.

Anapeza anthu ataunjikana. Bwato la injini linkalowa pang'onopang'ono likukoka lawo lija. Mlongoti unali utagona chopingasa, thanga likukwekwereza m'madzi. Telala anatsika atanyamula mwana wa Kaputeni, dzanja la mwanayo atalimangirira ku kathabwa ndi lamba. Mayi wophunzitsa uja anali pambali, akuchirikiza dzanjalo kuti lisagwedezeke.

Mantha a Kaputeni anatulukira m'kamwa ngati mkwiyo.

"Wafuna kundiphera mwana iwe. Ndani anakuuza kuti umutenge?"

Telala anapereka mwanayo kwa mkazi wake, amene anali naye m'bwatomo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa tepi yakuda yopindikapindika, timawaya tadzimbiri tili tokanirira m'kati.

"Iyi ndinaiona m'mawa, achimwene. Ndinayamba kuimatula kuti ndione chili pansi. Mwana wanu anati, 'Bambo aang'ono musavutike, adadi anakonza kale, ndinawaona ndi maso anga.' Ndiye ndinaibwezera. Ndinati, tidane chotani, pa ichi chokha achimwene sangandiike m'madzi."

Anaika tepiyo m'dzanja la mkulu wake n'kulifumbatitsa.

"Mlongoti unadutsa pamutu pa mwanayu chonchi, n'kumuthyola dzanja. Akanakhala kuti sanawerame, bwenzi tikulankhula zina."

Kaputeni anayang'ana uku ndi uku. Ndevu anali atalowa m'kachipinda ka bwato lake n'kutseka chitseko. Mayi wophunzitsa uja sanakweze mawu.

"Bambo, bwato silidziwa kuti lero ndi tsiku la yani. Limangodziwa ngati lakonzedwa kapena ayi. Fulumirani, dzanjali likufunika dokotala."

Telala anatsegula chitseko cha galimoto yake. "Khalani kumbuyo mumugwirire. Ine musandilankhule."

Ali m'njira, mwana uja anatsamiritsa mutu paphewa pa bambo ake, misozi itauma m'masaya.

"Adadi, tepi ija sinagwire bwino eti? Musadandaule, munayesetsa."

Kaputeni anaweramitsa mutu. Atakweza maso anakumana ndi maso a mng'ono wake pagalasi loonera kumbuyo. Anavula chipewa chija n'kuchiika pamiyendo, tepi idakali m'dzanja.

Phunziro: Chinthu cha tonse chikayamba kuwonongeka, amene wachiona ndiye achikonze kapena auze anzake tsiku lomwelo. Musanatuluke ndi bwato, onani mawaya, zingwe ndi thanga, ndipo pamene pali pokayikitsa musaphimbepo. Msampha wotchera m'bale wako sufunsa kuti wapondapo ndi mwana wa yani.