A Bernard Sadula Munthu Mawu

Foni inalira a Bernard ali mkati mometa ndevu kuseri kwa nyumba yawo ku Luka, mudzi wa kumigodi ku Joni. Anaponya lezala m'beseni n'kuthamanga ndi thovu kumaso, chifuwa chawo cha fumbi la mumgodi chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Pagalasi la foni sipanaoneke nambala.

"Halo! Willard?"

"Dumela, Ntate Bernard! Ndine Sandra uja," anatero mtsikana m'Chizungu chothamanga. "Mwadzuka bwanji lero?"

A Bernard anatsinzina. Koma munthu akakupatsa moni ungatani?

"Ndadzuka bwino, mwanangu. Kaya iweyo?"

Pamenepo ndiye anatsegula khomo okha. Sandra anayamba za ana amasiye ogona opanda bulangete m'nyengo yozizira ino, za bungwe lake limene likungofuna chilolezo chomadulako pang'ono ku penshoni yawo mwezi ndi mwezi. Sanali kupuma mtsikanayo. A Sellina, akazi awo a Bernard, anatulukira pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"Dinani kabatani kofiirako, abambo!"

A Bernard anawakupiza ndi dzanja kuti akhale chete. Anamvetsera mpaka kumapeto, thovu likuuma kumasaya.

"Ndamva, mwanangu. Ndiganizire kaye."

"Ndiye ndiimbenso mawa, Ntate?"

"Ukhoza kuimba."

"Ukhoza kuimba!" a Sellina anawayeseza foni itaduka. "Bwanji osangomuyalira mphasa adzigona konkuno? Munthu munaswa miyala pansi pa nthaka mpaka imvi, mukukanika kunena kuti aikona?"

"Mwana wa eni ake akulankhula, ine ndimudule pakamwa? Ndinaleredwa ndi anthu ine, amayi."

Vutoli analitola okha pakhomo la shopu ina m'tauni ya Rustenburg. Achinyamata ovala malaya achikasu anawatsekera njira ndi zithunzi za ana, ndipo pofuna kuti awasiye apite mwamtendere, anawapatsa nambala. Nambalayo inayenda kuposa mwini wake. Anayamba kuimba a inshuwalansi ya maliro, a makontilakiti a foni, a mabungwe ena osadziwika, ndipo onse ankaimba mobisa nambala. Kwawo ku Ntcheu munthu wamkulu sakana mwachindunji. Amamvetsera, n'kunena kuti aona, wopemphayo n'kudzimvera yekha chisoni n'kutsanzika. Koma ana a ku Joni kuno satsanzika.

Kusintha nambala sikukanatheka, kuzimitsa foni ndiye ayi ndithu. Mlongo wawo wamkulu, a Mwandida, anali atagona pa mphasa kumudzi. Chiyambire maliro a mayi awo, amene a Bernard sanapiteko, a Mwandida anali atakana kumvanso liwu la mtchona ameneyu. Koma mwezi wathawu Willard, mwana wa a Mwandida, anaimba kuchokera pa kanyumba ka foni zolipira pamsika wakwawo. Anati amayi afewa mtima. Kumudzi kulibe netiweki, koma tsiku limene adzapeze galimoto yopita nawo ku chipatala cha kuboma, adzaima pamsikapo kuti alankhule ndi mlongo wawo. Tsiku lake sanalidziwe. Ndipo foni ya pa kanyumbako nayonso inkafika yopanda nambala, chimodzimodzi ndi ya ogulitsa mabokosi a maliro.

Choncho a Bernard ankayankha iliyonse. Ankapita nayo kubafa, ankadya ili pambali pa mbale. Nthawi iliyonse ikalira ankadzuka ndi chiyembekezo, n'kukhalanso pansi ndi manyazi. Zinali zomvetsa chisoni kuona madala wamkulu chotere akuzunzidwa ndi kanthu kokwana m'thumba la malaya.

Lachinayi masana a Sellina anapita ku Zinniaville kukagula nsalu. A Bernard anali kuothera dzuwa pakhonde, akuyang'ana chimulu cha dothi la mgodi, pamene foni inalira.

"Ntate Bernard, ndine Sandra." Tsiku limeneli mawu ake anali olimba. "Mwakhala mukundiuza kuti muganizira. Kodi muli ndi adzukulu inu? Amagona atafunda, eti? Nanga ana awa alakwa chiyani?"

"Sanalakwe kanthu, mwanangu."

Ndipo m'khutu mwawo munalira kaphokoso kakang'ono: tii, tii. A Bernard anakadziwa. A Sellina anali atawauza kale kuti kakalira kotero ndiye kuti pali wina akuimba.

"Mwanangu, pepa, ndikupempha nditsanzike. Pali wina..."

"Ndikumaliza, Ntate, kamphindi kokha. Ndikuuzeni zoona." Mawu a mtsikanayo anatsika, anayamba kunjenjemera. "Sabata ino sindinapeze munthu ngakhale mmodzi. Bwana wanga waima kumbuyo kwangaku. Mukandidulira foni, mawa ndilibe ntchito."

Tii, tii.

Chala cha a Bernard chinali pa batani lofiira. Moyo wawo wonse sanadulepo munthu mawu, ngakhale kapitawo wolalata wa pansi pa mgodi, nanji mwana amene akulira. Anaganiza kuti mwina winayo ndi wa inshuwalansi. Anaganiza kuti ngati ndi Willard, adikira.

"Lankhula msanga, mwanangu."

Sandra analankhula. Kaphokoso kaja kanasiya, kanabweranso, kanalira nthawi yaitali, kenaka kanasiyiratu. Mtsikanayo atamaliza, a Bernard anamuuza kuti aona, ndipo anatsanzikana bwinobwino. Pagalasi panalembedwa kuti wina anaimba osayankhidwa. Nambala yoti n'kubwezera panalibe.

A Sellina anawapeza atakhala pomwepo dzuwa litachoka kale pakhonde. Atamva, sanalalate. Anangoika nsalu zawo pansi n'kukhala pambali pawo.

Lachisanu anaimba a makontilakiti. Loweruka anaimba a maliro, kuwafunsa ngati anakonzekera tsiku lawo. Lamulungu a Bernard anakhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi, foni ili m'manja, osamva ulaliki. Willard anadzaimba Lolemba m'mawa, mawu ake akumveka patali ngati ali m'chitsime.

"Amalume, tinakuimbirani Lachinayi."

"Ndinali... ndinali pa foni ina, Willard. Achemwali ali bwanji? Apatse ndiwamve."

"Sindili nawo pano, ali kuchipatala. Tsiku lija tinawatsitsa m'galimoto, tinawanyamula mpaka pa kanyumba kano. Ndinawagwirira foni kukhutu ine ndemwe. Anadikira, amalume. Dalaivala anayamba kuliza hutala, anthu m'galimoto akudandaula, iwo akuti yesanso. Ndinayesanso."

A Bernard anagwira khoma. "Ndiye anati chiyani?"

"Anati, 'Basi, musiyeni. Ali nawo anthu ake olankhula nawo kumeneko.'"

"Kawauze kuti sizinali choncho! Kawauze ndi..."

"Kuwauza ndikawauza, amalume, koma sayankhanso. Lilime linagwa Loweruka usiku. Maso okha ndiwo akuyenda. Adokotala akuti kumva akumva, koma..."

Foni inaduka. Mayunitsi a Willard anali atatha.

A Bernard anaika foni pansi, akupuma movutika. Kenaka anaitana akazi awo.

"Amayi, tanditsitsireni sutikesi ija pamwamba pa kabati."

A Sellina anawayang'ana. Ulendo wa basi wa masiku angapo, malire atatu, ndi chifuwa chimenechi. Zaka zonsezi bamboyu ankaopa maso a anthu akwawo kuposa mdima wa mgodi.

"Mukukamva chiyani kumeneko, abambo, poti munthu salankhulanso?"

"Akumva," anatero a Bernard. "Ndikalankhula ndine."