Mphuno za Nyumba ya a Kamtedza

Tulo tinamukana Wedisoni sabata yathunthu. Mwana wake Zione ankatsokomola osapumira, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala anesi anafunsa ngati kunyumba kuli chinyontho. Wedisoni anakana, chonsecho akudziwa kuti akunama.

Nyumbayo anamusiyira ndi agogo ake, a Kamtedza, mmisiri womanga amene Bembeke yense ankamudziwa. Luso anali nalo, koma nkhanza zawo zinali zosasimbika. Wedisoni anakulira m'manja mwawo, ndipo sanaiwale mmene ankamutulutsira mvula ili pamutu kuti akachotse matope m'ngalande ya kuseri, iwo ali pakhonde ndi mkwapulo. Ndiye atangowaika m'manda, anabwezera. Ngalande ija anaikwirira n'kudzalapo mbatata. Mabowo a mpweya a pamwamba pa mawindo anawamata ndi simenti, uku akuimba mluzu.

"Adzuketu adzandikwapule," ankatero.

Mvula itagwa, nyumba inayamba kuyankha. M'mawa uliwonse malata ankachita thukuta n'kumadonthera pabedi. Chuku chakuda chinakwera khoma kuseri kwa kabati, nsapato za kutchalitchi zinabiriwira, mabulangete ananunkha. Mkazi wake Nankhoma ankaphika pa mbaula ndi kuyanika zovala m'nyumba momwemo, mawindo ali chitsekere poopa chisanu.

"Bambo a Zione, tsegulani mabowo aja. Nyumbayi itidyera mwana."

"Ine sindilamulidwa ndi munthu wa kumanda!"

Lachinayi masana, mvula ikuwaza, anakhala pampando pafupi ndi bedi la mwana, tulo n'kumuba.

Linayamba kufika ndi fungo la fodya wopichira ndi simenti yonyowa. Kenako chuku cha pakhoma chinayamba kuyenda, chikufufuma, mpaka munatuluka a Kamtedza mu ovololo yawo yakale. Madzi ankachucha m'mikono, ndevu zili zobiriwira. M'dzanja anagwira mpeni wawo womangira, simenti ili phaa pamwamba pake. Agogowo sanamuyang'ane Wedisoni n'komwe. Analunjika pabedi, n'kuwerama, n'kusendeza mpeniwo kumphuno kwa Zione.

Wedisoni anayesa kudumpha, koma miyendo inali itamira m'madzi ozizira mpaka m'mawondo.

"Agogo, musatero! Ndi mwana uyo!"

Nkhalamba inatembenuka pang'onopang'ono.

"Mphuno za nyumba yanga unamata ukuimba mluzu. Imbanso lero."

"Munkandimenya, agogo," anatero Wedisoni, misozi ili mbwee.

"Ndinkakumenya, inde. Mlandu umenewo udzandipeza kuno. Koma madzi sadziwa za mkwiyo wako, iwe. Dzuwa likalowa nyumba yanga isanapume, uyu ndipita naye."

Dontho lozizira lochokera kudenga linamugwera pakhosi, nadzidzimuka. Mwana anali pomwepo, kukamwa kuli yasa, akukoka mpweya movutikira. Wedisoni anamugwira kumphuno ndi chala. Panalibe simenti, koma mantha anamugwira ofika m'mafupa.

Anatenga nyundo, n'kukwera pampando, n'kuyamba kuswa. Bowo loyamba litatseguka, mphepo ya kuphiri inamuwomba kumaso. Nankhoma sanafunse za chimene chachitika. Anatsegula mawindo onse, anatulutsa mbaula ndi zovala pakhonde, kenako anabereka Zione n'kupita naye kwa mchemwali wake, kuti akakhale kumeneko mpaka makoma atauma.

Wedisoni anathamangira kuseri ndi khasu. Mbatata zinali zisanakhwime, koma anazizula zonse osamva chisoni. Pamene dzuwa linkapendeka, ngalande inali itatseguka, madzi a matope akuthamangira kumunsi. Masiku otsatira anakokera kabati kutali ndi khoma, n'kukwecha chuku chonse, atadzimanga kansalu kumphuno.

Patapita masabata atatu Zione anabwerera, ndipo anagona mpaka m'mawa osatsokomola. Tsiku lomwelo Wedisoni anaima pamutu pa ngalande, akuyang'ana cha kumanda.

"Sindinakukhululukireni, agogo. Ndakumbira Zione, osati inu."

Mpaka lero, mvula ikangoyamba, mumamuona kuseri kwa nyumba ndi khasu, atanyowa chapachapa. Zione wakula tsopano, ndipo nthawi zina amati akathandize. Bambo ake amamubweza pakhomo.

"Lowa m'nyumba, mayi. Ntchito iyi ndi yanga."